Timapepala ta M'jekete la Atelala

"Zonsezi zichoke alendo asanafike," anatero azakhali, akumatula kapepala kolembedwa kuti BAFA pachitseko.

Ankauza mtsikana wa sukulu, mwana wa mlongo wawo. Panali patatha masiku atatu agogo ake aamuna, atelala aja, ataikidwa m'manda, koma iye ankamvabe ngati mashini akusoka kuchipinda, chapatalipatali. Timapepalato anamata ndi iyeyo chaka chimene agogo anayamba kusochera m'nyumba yawo yomwe: KHOMO, KABATI, MUSATULUKE NOKHA.

"Azakhali, ndimati ndipite nato kusukulu mawa. Ine ndi anzanga tikukalankhula za matenda oiwalaiwala."

"Iwe! Ukawayalutse bambo anga pagulu? Anthu atinena mokwanira. Ena amati misala, ena amati ufiti. Zam'nyumba zithere m'nyumba."

"N'chifukwa chake tikufuna kulankhula, kuti adziwe kuti ndi matenda."

"Ndiye wakula eti? Pita ukalongedze zovala zawo."

Tisawaweruze msanga azakhaliwa. Zaka zinayi anakhala akusambitsa bambo awo, bambowo n'kumawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi mayi, ndinu ndani?" Zimenezo zimapweteka, tisanamizane.

Kuchipinda dzuwa linkalowa pazenera, fumbi la choko likuyandama mwaulesi pamwamba pa mashini. Mtsikanayo anatsitsa jekete lakuda lija, limene agogo ankakana kuvula ngakhale kutenthe chotani. Linkamvekabe fungo la mafuta a mashini. Analikumbatira, ndipo china chake chinamubaya chala.

Inali pini. Mkati monse mwa jeketelo munali timapepala tobayidwa ndi mapini, monga ankachitira agogo pa nsalu za makasitomala kuti asasokoneze eni ake. Zilembo zake zinali zonjenjemera, zina zopendekeka.

"Mtsikana wa yunifolomu. Ndi wanga. Amakonda kuseka."

Atawerenga kapepala kachiwiri, kamene kanali chapamtima, ananyamula jeketelo n'kupita nalo pabalaza kukawaonetsa azakhali.

"Mayi wokalipa uja ndi mwana wanga woyamba. Watopa chabe. Uzimuthokoza."

Azakhali anawerenga kawiri, kenako anakhala pansi mwapang'onopang'ono. M'mawa uliwonse akawaveka, bambo awo ankasuzumira m'jekete, n'kudzutsa mutu n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi." Iwo ankawadula mawu, "Tepi yoyezera mulibe mmenemo, bambo, khalani pansi!"

Analira kulira kumene sanalire kumanda.

Atapukuta misozi, anazula kapepalako n'kukabaya mkati mwa bulauzi yawo ndi pini yomweyo. Jekete analipinda bwinobwino, manja kumbuyo, monga anawaphunzitsira mwini wake. Pamwamba pake anaikapo kapepala ka BAFA kaja, n'kukasalaza ndi chikhatho.

"Aka kokha ndi kanga," anatero, akugwira pa bulauzi. "Enawa tenga. Mawa mukuyamba nthawi yanji?"