Mizere Isanu ndi Inayi ya Amuna Anga

Wamagalasi, mnzawo wa amuna anga pantchito, yemwe uja analira kuposa ife pamaliro, ndi amene anafufuta mizere isanu ndi inayi ya malemu amuna anga m'pulogalamu ya pakompyuta, nkhata zisanafote pamanda. Anandionetsa ndi mwana wanga wamkazi pafoni, ine ndili pamakina, ndikupinda siketi ya kasitomala. Mizereyo inali itafiiritsidwa ngati yapalamula. Pansi pake mkuluyo anali atalemba kuti ndi yachikale, imangochedwetsa, ndipo Lachisanu pulogalamu ituluka popanda iyo.

Ine sukulu ndinalekera kupulayimale, sindibisa. Koma pulogalamu imeneyo ndinakhala nayo zaka khumi ndi zitatu ngati mkazi mnzanga. Ndi loko wa mauthenga, woti zimene walembera dokotala kapena mlongo wako asawerenge wina panjira. Aliyense amaitenga ulere, aliyense angathe kuisuzumira mkati. Bambo a ana ankaikonzera patebulo lodyera, ife mbale zili pamiyendo.

Tsiku lina ndinawaseka kuti anzawo amakonza zinthu kuti zithamange, iwo akutuluka thukuta kuti zichedwe. Sanakwiye. Anati ndisunge mumtima manambala anayi, iwo azilota, ine ndizingoti ayi. Tiyi asanazizire anali atawapeza onse. Kani akaphonya nambala yoyamba ndinkakana msanga, koma akailasa ndinkayamba ndaima kaye, kuganiza yachiwiri.

"Mwaona, amake mwana? Pakamwa simunaulule, wakuululani ndi changu. Loko wabwino azikana mofanana, kaya wakuba waphonya poyamba, kaya pomaliza."

Mizere ija ntchito yake ndi imeneyo. Imakakamiza kompyuta kuyang'ana nambala iliyonse mpaka kumapeto isanayankhe.

Ndinatseka shopu masanasana, ndinakwera masitepe a ofesi ya Wamagalasi tepi yoyezera idakali m'khosi. Anandipatsa mpando wozungulira, nandifunsa za miyendo yanga. Ndinamuuza kuti miyendo ili bwino, chikudwala ndi mutu wake.

"Mayi, pepani, koma izi si zosoka," anatero akumwetulira, anzake awiri akubisa nkhope kuseri kwa makompyuta.

"Sunga manambala anayi mumtima, iwe. Ine ndilota."

Anavomera pofuna kuseketsa anzake. Ndinayamba. Ayi. Ayi. Ayi. Nditatchula yoyamba ndi seveni, mlomo wake unachedwa pang'ono. Ndinagwira seveniyo osaitaya. Pamene ndinkapeza yachiwiri, anzake aja anali atasiya kuseka, wina ataimirira kumbuyo kwanga. Wamagalasi anavula magalasi, nayamba kuwapukuta ndi malaya. Anati pakompyuta kusiyanako n'kochepetsetsa, sikufika ngakhale kuphethira kwa diso. Ndinamufunsa ngati akuba anasiya kugula mawotchi.

Sanapepese. Anati kufufutako kunalowa kale m'pulogalamu, ndipo mwa lamulo lawo munthu mmodzi sabweza chinthu yekha, pamafunika ena awiri awerenge, avomereze patsamba la pa intaneti pamene onse amaona. Ndinafunsa kuti pofufuta anawerenga ndani. Awiri aja anayang'ana nsapato zawo. Mmodzi anang'ung'udza kuti anangodina povomereza osawerenga, poti Wamagalasi ndi wodalirika.

Ndiye ndabwera patsamba lanuli. Mwana wanga akutayipa, ine ndikulankhula, ndipo ndamuletsa kusalaza mawu. Dzina la amuna anga mulichotse ngati likukulemerani, mandawo ndikuwadziwa ndine. Koma mizere ibwerere. Akuti mulipo mazanamazana amene mumatenga loko ameneyu n'kukhomera zinsinsi za anthu, ndipo pamene bambo a ana ankatupa mapazi pampandowu, palibe anafunsa kuti akukonza ndani.

Lero ndi Lachitatu. Mbale tikudyerabe pamiyendo, chifukwa patebulo pali kompyuta yawo, ndipo pambali pake ndaikapo wotchi yawo yapamkono, ija ya lamba wong'ambika. Ndikuyeza kuti muchedwa bwanji.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mizere isanu ndi inayi mwaiona. Ibwerera kapena ayi? Ndiyankheni.