Mapando Asanu ndi Limodzi a Agogo Hepsy

Kwathu mwana akakwinya nkhope amati watengera a Hepsy. Ine ndinakula ndi chitonzo chimenecho ndipo chinkandinyansa. A Hepsy Vandergriff anali agogo awo a agogo anga. Chomwe tinkadziwa n'chakuti anapita ku Kansas pangolo cha m'ma 1870, kenaka anabwerera kuno ku Ohio ndi mwana mmodzi, Amos, ndipo kuyambira pamenepo palibe anawaonapo akuseka. Anatisiyiranso mwambo wopanda mutu. Mkazi aliyense wa m'banja mwathu akalowa m'nyumba yake amapatsidwa mizu ya maluwa oyera a ayirisi kuti adzale pakhomo, mapando asanu pamzere, lachisanu ndi chimodzi patali pang'ono. Ndikafunsa chifukwa, amayi ankangoti, "Dzala iwe, mafunso achiyani?"

Chaka chatha, chisanu chitangotha, ndinapita ku Kansas kukasaka pamene a Hepsy ankalima. Ndinafunsa m'matchalitchi ndi m'masitolo mpaka anthu anandilozera kwa a Orval Krehbiel, mlimi wa tirigu, nkhalamba yoyankhula mokuwa. Ndinawapeza akukoleka pulawo kuthalakitala.

"Vandergriff? Sindinamvepo!" anakuwa a Orval. "Inu am'tauni mukangopuma pantchito basi kuyamba kusaka akufa. Amoyofe tinakulakwirani chiyani?"

"Amoyo mumalongolola, bambo. Palibe ngakhale chitsime chakale kapena maziko a nyumba?"

"Nyumba zawo zinali zadothi, mayi, mvula inadya kalekale. Katsala ndi kachilumba kaja basi, nakonso lero ndikukakalima."

Kachilumbako, anandiuza, kanali kathengo ka udzu pakati pa munda. Bambo awo ankakalambalala polima, agogo awonso chimodzimodzi, ndipo palibe ananenapo chifukwa. Tsopano mwana wawo anali atagula makina othirira oyenda mozungulira munda, ndiye kathengoko kankatchinga njira.

"Moyo wonse kukhotakhota ngati chidakwa, ndatopa nazo," anatero.

Ndinawapempha kuti ndikaone asanalime. Anang'ung'udza, koma anandikweza pathalakitala.

Munda wawo unali wosaoneka polekezera, tirigu wamng'ono akuweyuka ndi mphepo. Kutsogolo ndinaona kanthu kotuwa. Titayandikira ndinadumpha thalakitala isanaime bwinobwino. Anali maluwa athu omwe aja, oyera, a lilime lachikasu. Anali atayanga ndithu, komabe magulu ake ankaoneka: asanu pamzere, lachisanu ndi chimodzi patali pang'ono.

Ndinagwada n'kupatula masamba. Pansi panali mwala wosalemba kanthu, ndipo chakumunsi kwake panali wina. Gulu lililonse linali ndi miyala iwiri, wakumutu ndi wakumiyendo. Pa gulu lapatali lija miyala inatalikirana ngati msinkhu wa munthu wamkulu. Pa asanu aja inkanka niyandikirana. Pa lomalizira ndinagoneka mkono wanga pakati pa miyalayo, chigongono kukhudza wina, zala kukhudza wina.

A Orval anazimitsa injini n'kutsika. Anavula chipewa, ndipo ulendo uno sanakuwe.

"Agogo ankanena za nthenda yotseka pakhosi imene inasesa ana kuno chisanu china," anatero. "Koma sananene kuti ndi pano."

Ndinakhala pansi. Ana asanu ndi bambo wawo. Manda sakwera ngolo, ndiye a Hepsy anakumba mizu ya maluwa a pamandawo n'kupita nayo. Pakhomo pa amayi, pa azakhali, panga, pa mwana wanga amene wangokwatiwa kumene, tonse takhala tikudzala manda awa, kuwathirira ndi kuwapalira, osadziwa kanthu. Mayi amene tinkamuseka uja anatigwiritsa ntchito yolira ana ake mibadwo yonseyi popanda kutiuza liwu limodzi. Ndinachita naye mantha, ndipo ndinamukonda.

"Nanga makina a mwana wanu aja?" ndinafunsa.

A Orval anayang'ana kamanda kakang'ono kaja nthawi yaitali.

"Mwanayo akhota nayenso. Ndi ndani iyeyo woti aziyenda mowongoka?"

Anakwera, naliza injini, nanyamula pulawo m'mwamba. Asananyamuke anandisuzumira.

"Nanga nkhope mwaikwinya chonchi bwanji, mayi? Ndati sindilima."

"Musadandaule, bambo," ndinayankha. "Ndinatengera a Hepsy."