Tsiku Limene a Yobe Analowera pa Geti

Lole ya a Duncan, imene masiku onse imanyamula mabelo a fodya, tsiku limenelo inanyamula anthu. Osewera a timu ya Mphasa, masapota, ng'oma ziwiri ndi mavuvuzela, onse anapanikizana kumbuyo ngati chimanga m'nkhokwe, ndipo ananyamuka ku Chulu fumbi lili koboo. A Duncan eni ake, wapampando wa timu, anakhala kutsogolo chigongono chili pawindo.

A Yobe anakhala pa tayala la sipeya atawongola mwendo wawo wolumala, umene ngolo inaupsinja kalekale ali tenanti pa esiteti. Timuyi anayamba kuitsata mpira ukadali wa mapepala omanga ndi luzi. Koma ulendo uwu unali wina. Goloboyi wakale anali atathawira ku Joni, ndipo magolovesi anapatsidwa kwa mwana wawo, Success. Akapambana, timu ikwera ligi. A Yobe za ligi analibe nazo kanthu kwenikweni. Ankafuna chimodzi basi: kumuona mwana wawo ndi maso awo ataima pagolo, anthu akumuimbira.

Bwalo linali kufupi ndi boma, lomangidwa ndi a Lemani, venda wa fodya amene analemera mpaka kusowa chochita nazo. Ku Kitwe kapena ku Dar es Salaam bwalo lotere angaliyese posewerera ana a sukulu, koma kwa anthu ozolowera kumenya mpira pa dambo la zitosi za ng'ombe linali kumwamba kwenikweni. Linali ndi kapinga wothiriridwa, pokhala pofolera ndi malata, zimbudzi zamadzi, ndi mpanda wa njerwa wautali kuposa chigafa.

Mpandawo ndiwo unabweretsa nkhani. Aliyense wodziwa mpira wa kuno amadziwa kuti mlendo salowera pa geti. Eni bwalo amakwirira zinthu pamenepo, ndipo mukangoziponda, mankhwala onse amene sing'anga wanu anakutsirikani nawo amasukuluka. A Duncan anakumbutsa anthu lole isanaime kuti lamuloli si la osewera okha. Wa ku Mphasa aliyense, kaya ndi wonyamula madzi, akadutsa pa geti waigulitsa timu. Kumabwalo akumudzi zimenezi sizivuta, umangopatula udzu wa mpanda n'kulowa. Apa anachita kuyandikiza lole kukhoma, anthu n'kumakwera pamwamba pa mutu wa lole, kukhala pakhoma, n'kudumphira mkati. Ngakhale mayi Fainala, mtsogoleri wa nyimbo, anamanga chitenje ngati thewera n'kudumpha, eni bwalo akuimba malikhweru.

A Yobe anawakankha matako anyamata awiri mpaka anafika pamwamba. Buluku linang'ambika. Atayang'ana pansi mkatimo, anaona kuti mwendo wolumala uja sungapirire kudumpha. Anakhala pamenepo ngati nkhuku yonyowa pa denga, ana a eni bwalo akuwagenda ndi zisononkho, mpaka anyamata aja anawatsitsira kunja komwe anachokera.

"Madala, tsalani mulondere lole," anatero a Duncan ali pakhoma. "Mpira muumvera m'makutu. Makutu si olumala, eti?"

Anthu anaseka, a Yobe nawonso anaseka nawo, chifukwa munthu wosauka akamanyozedwa amathandizira. Success anali atalowa kale.

Wenzulo inalira. A Yobe anazungulira mpanda wonse ndi ndodo yawo kufunafuna kabowo, koma amisiri a a Lemani anali atapaka pulasitala moti ngakhale nyerere ikanabwerera. Anakhala pamthunzi wa lole. Phokoso likakwera, ankatchera khutu. Kenako ankamva mawu a mayi Fainala akuboola phokoso lonse, akuimba kuti Success ndi ulimbo, wagwiranso, wagwiranso. A Yobe ankaimirira, kuyang'ana njerwa, n'kukhalanso. Pofika nthawi yopuma panalibe amene anagoletsa.

Wapageti, mnyamata wonenepa dzina lake Sunganani, anali akuwayang'ana nthawi yonseyi akutafuna nzimbe. Anawayandikira mwaulemu wonse, mpaka kugwira chipewa. Anawauza kuti m'bwalomo aliyense akukamba za goloboyi wa alendo, kuti wauluka ngati mleme, kuti a Lemani eni ake afunsa kuti mwana ameneyu ndi wa yani.

"Bambo womubereka n'kumanunkhiza matayala panja? Lowani, bambo, ulere. Zokwirira zija n'zabodza, ife ndi a Mpingo."

A Yobe anakana. Sunganani anabwerera osakakamiza, koma geti analisiya lotsegula pang'ono, ndipo pampatapo pankaoneka kamzere kobiriwira.

Munthu akafuna chinthu, nzeru zimabwera zambiri. A Yobe anaganiza kuti iwo sanadzole nawo mankhwala a timu, ndiye chosukuluka n'chiyani? Anaganizanso kuti zokwiriridwazo zimazindikira mdani poona malaya. Anavula jezi yawo yofiira ya Mphasa, naipinda bwinobwino, naibisa m'buluku, natsala ndi vesiti. Pofika pa geti anatsamira ndodo n'kulumpha pakhomopo osapondapo, monga amalumphira ngalande m'munda.

Ndipo anamuona. Kutali uko, pakati pa mitengo yoyera ya golo, Success anali ataima mu jezi yachikasu, akuwomba magolovesi, akukalipira amuna aakulu ndevu zili pepeya kuti abwerere kumbuyo, iwo n'kumamumvera. Mpira unabwera wam'mwamba, mwana anadumpha pakati pa mitu, naukumbatira pachifuwa. A Yobe anangogwira waya wotchinga kapinga ndi manja onse.

Sanaone kuti Sunganani wathamangira kwa munthu wa chimkuzamawu.

"Anthuni, tilandire mlendo wolemekezeka," anatero mawu aja bwalo lonse likumva. "Bambo ake a goloboyi wa Mphasa, awo ali pawaya ndi vesiti, alowera pa geti penipeni ngati bwana. Tiwaombere m'manja."

Bwalo linaphulika. Mbali ya Mphasa ng'oma zinaleka ngati zabooka. Osewera ofiira anayang'anizana, wina anagwira m'mutu, wina anayang'ana ku benchi ngati akufunsa ngati n'koyenera kupitiriza. Success anatembenuka, nawaona bambo ake. A Yobe, posadziwa chochita, anakweza dzanja.

Mpira umene unalowa poyamba ngakhale agogo akanaugwira ndi lichero. Unagubuduzika pang'onopang'ono, Success anawerama, unamupita pakati pa miyendo. Kuyambira pamenepo timu inasanduka phala. Otchinga kumbuyo ankathawa mpira ngati uli ndi moto, ndipo zigoli zinalowa mpaka woyimbira anachita manyazi n'kuthetsa msanga.

Potuluka, a Mphasa onse anadutsa pa geti pomwepo, popeza panalibenso choteteza. Mayi Fainala anawapeza a Yobe pafupi ndi lole. Anawatcha Yudasi wa mwendo umodzi, nati ngolo ija inalakwitsa, ikanayambira kumutu. Wina anaona nsonga yofiira ikutuluka m'buluku, anaisolola jezi ija n'kuionetsa anthu, ndipo apa mkwiyo unawirikiza: ndiye kuti anachita kukonzekera. A Yobe anayesa kufotokoza za kulumpha kuja, kuti phazi lawo silinakhudze pakhomo, koma mawu awo anamira.

A Duncan sanakweze mawu. Anadikira onse akwere, kutsala a Yobe ndi Success, amene anali chiimire atazolika, magolovesi akadali m'manja.

"Iwe mwana, tamvera. Banja lanu latidyetsa manyazi lero, ndiye lole iyi inyamula mmodzi. Akakwera madalawa, siya magolovesiwo pansi, uiwale za mpira ku Mphasa. Ukakwera iwe, tidzaona sabata yamawa. Sankha msanga, dizilo akutha."

A Yobe anali atakonza kale mawu mumtima: kwera mwana wanga, ine ndi wamkulu, ndipeza njinga ya kabaza. Ankafuna awanene mokweza, anthu onse amve kuti bambo ndi bambo. Atatembenuka kuti ayankhule, Success anali ataponda kale tayala, ndipo anzake anali akumukokera m'mwamba.

"Success," anatero a Yobe. "Unagwira bwino uja wam'mwamba."

Mnyamatayo sanacheuke. Anadzipanikiza pakati pa anzake n'kukhala pansi. Lole inabangula, inawathira utsi kumaso, n'kuloza njira ya ku Chulu.

A Yobe asanasunthe n'komwe, masapota a eni bwalo anatulukira pa geti akuvina, Sunganani ali patsogolo. Atawaona anakuwa kuti nayu wosewera wathu wapamwamba lero. Anawalanda ndodo, anawanyamula pamapewa, mwendo wolumala ukulendewera, n'kuyamba kuzungulira nawo mpanda akuimba dzina lawo, amayi akululutira, wina akuwathira chibuku pamutu. A Yobe anapempha kuti awatsitse, koma amene anawanyamula ankangoyankha kuti bwana sayenda pansi. Ali m'mwambamo ankatha kuona patali, kupyola minda ya mapesi a fodya, pomwe lole inkachepera m'fumbi. Pakati pa majezi ofiira panali kadontho kachikasu, ndipo kanali katawafulatira.