Zigoba za Mizere Isanu ndi Umodzi

Nkhafi inatera pamsana pa Bizweki kachitatu, iye n'kugwa chafufumimba pa tsitsi la anamfedwa lomwe linali lisanasesedwe. Linali tsiku lometa, ndipo Agnesi anathamangira mwamuna wake mutu uli wometa mbali imodzi.

"Achimwene, mupha munthu!"

"Iye sanaphe munthu?" anakuwa Jameson, n'kumukankhira mlongo wakeyo kunkhokwe. "Zipolopolo zija ankasula ndani? Yankha, galu iwe! Unkafuna mfuti ya bambo!"

Bizweki analavula magazi ndi chidutswa cha dzino. Amuna omwe anakhala pansi pa mango anangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Mkamwini akamamenyedwa pamudzi pa eni, aliyense amakumbukira kuti ali ndi chifuwa, amangotsokomola. Agnesi anaona kuti akapanda kuchita kanthu, maliro akhala awiri sabata yomweyo.

Malemu a Mesheki, bambo awo a Agnesi ndi Jameson, anabwera ku nkhondo ya ku Burma ndi khutu logontha ndi luso limodzi. Anali ndi mfuti yakale ya kwa Apwitikizi, yomwe zipolopolo zake sizinkapezeka ngakhale kwa Amwenye ku Zomba. Mnzawo wina wausilikali ankawatolera zigoba zamkuwa zowombera kale, za mfuti ina. Iwo ankaziwotcha kukamwa pamakala, kuziviika m'madzi, kuzikhomera m'chitsulo chobowola mpaka zitatenga thupi la mfuti yawo, kenako kuzidula ndi tupa n'kuthiramo wonga. Mpunga wa mudzi wonse unkapulumuka ku mvuu za m'Chilwa chifukwa cha zigoba zimenezo. Chigoba chikadzazidwa, ankachilemba mzere kutako. Lamulo lawo Agnesi analimva kuyambira ali mwana: mizere itatu basi, chachinayi n'cha m'nyanja.

Manja atayamba kunjenjemera, anaphunzitsa mkamwini wawo Bizweki, ndipo ankalondera mosinthana, mfuti imodzi, aliyense kathumba kake. Lachiwiri lapitalo m'mawa, a Mesheki ali pa ulonda, mfutiyo inaphulikira kumbuyo. Chitsulo chinawalowa padiso, n'kuchotsa tsaya lonse, iwo n'kufera pomwepo. Agnesi ndiye anachapa malaya awo, ndipo m'kolala anapezamo tako la chigoba, lopindika ngati tsamba louma.

Tsopano Agnesi anamasula tako la chigoba lija pa mfundo ya chitenje n'kuliika m'dzanja la mchimwene wake.

"Munapita kusukulu inu. Werengani."

"Isanu ndi umodzi." Jameson anatembenuka maso ali psuu, n'kuponda Bizweki pakhosi. "Wamva? Unawapatsa zowola!"

"Zofika itatu ndinkawabwezera, alamu," anatero Bizweki mawu akutuluka movutikira. "Ankati akukataya okha."

Jameson anakweza nkhafi chakuthwa kwake kuloza mutu. Agnesi anadzigwetsa pa mwamuna wake, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili kutsogolo, ndipo nkhafi inamupeza paphewa. Ululu unamuthamangira mpaka m'mano, koma sanasunthe.

"Menyanso," anatero mayi awo, a Falida, ali pakhomo. Chiyambire maliro anali asanalankhule. "Menya, uphe atatu, ukwanitse."

Anabwera pang'onopang'ono atanyamula timatumba tiwiri tachikopa, n'kukhala pamphasa. Anakhuthula kathumba ka malemu. Zigoba zinali zakuda, zina zong'aluka kukamwa, mizere inayi, isanu, isanu ndi umodzi.

"Msilikali uja anamusamutsa chaka chatha. Zigoba zatsopano zinatsala khumi ndi ziwiri. Izi bambo ako ankati akukataya, koma ankazidzaza okha kuseri kwa khola, Bizweki akapita ku Songani. Ndinawaletsa, anandiyang'anitsa khutu logontha lija."

"Bwanji osagawana zabwinozo?" anafunsa Jameson, nkhafi itatsika.

"Funso limenelo ndinafunsa ine. Anati, 'Mvuu sizidikira, Falida. Mfuti ikafuna kudya munthu, idye amene ana ake anakula kale.'" Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Amati kufa saferana. Bambo ako mwambi umenewo unawadutsa kogontha."

Agnesi analira tsopano, kulira kwaukali, chifukwa anawakwiyira bambo akewo ndipo analibe powapeza kuti awakalipire. Jameson anakhala pansi pomwepo padothi, nkhafi ili pamiyendo ngati sakudziwa kuti yafika bwanji.

Bizweki anakwawa mpaka pamphasa, dzanja limodzi litagwira nthiti. Anamasula kathumba kake, komwe apongozi ake ankamukonzera tsiku lililonse la ulonda. Zigoba khumi ndi ziwiri zinagubuduka, palibe chopitirira mizere iwiri. Anatola chimodzi n'kuchipukuta ndi chala chamagazi. M'mizere yake munali mukadali phulusa loyera, lomwe mkuluyo ankakwechera chigoba chilichonse kuti aone ngati chayamba mng'alu.