Udzu Umene Anatchetcha a Pendlebury

Khonsolo yathu ili ndi lamulo limene ambiri amalinyoza. Makhansala akapita kukaona malo amene munthu akufuna kumangapo, palibe wololedwa kuwanyengerera. Wopempha ndi wotsutsa angathe kuloza chinthu ndi kutchula dzina lake, basi. Ine ndinali mlembi wa komiti yoona za zomangamanga, ndipo udindo wanga unali kuonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Chaka chimenecho a Clive Pendlebury anapempha kumanga nyumba makumi anayi pa busa la ku Netherfold, kuseri kwa tchalitchi. Mapu atsopano a chigawo chathu, osonyeza malo oyenera kutetezedwa kuti chilengedwe chibwerere, ankanena kuti busalo likhoza kukhala lakalekale, losalimidwapo. A Pendlebury anakana, nati agogo awo ankalimapo tirigu. Mayi Enid Garside, amene anaphunzitsa pa sukulu ya m'mudzimo zaka makumi atatu, ndipo a Pendleburywo anadutsa m'manja mwawo, anaumirira kuti pulawo sinadutsepo. Koma umboni analibe, ndipo popanda umboni busalo linali lopita, pamodzi ndi maluwa amene mayiwo ankawawerenga chilimwe chilichonse.

A Pendlebury anali munthu wometa kapinga wa pakhomo pake Loweruka lililonse. Anaganiza kuti makhansala akapeza malo osalala ngati bwalo la mpira, adzakhulupirira kuti palibe choyenera kusunga. Lolemba anatumiza thalakitala, ndipo udzu wofika m'chiuno unagwa wonse. Sanafunse aliyense, pakuti ankadziwa kuti chimene akuchitacho si chowongoka. Sanafunsenso ngakhale woyendetsa thalakitalayo chifukwa chimene anakwezera m'mwamba mipeni yotchetchera.

Lachitatu m'mawa ine ndi makhansala tinatsika basi pa chipata cha busalo. Tisanayende mapazi khumi, Khansala Tunnicliffe, mlimi wopuma wa thupi lalikulu, anapunthwa nagwira mpanda. Titakweza maso tinaona timilu ta dothi tofika m'bondo, tambirimbiri, mpaka kumtsinje. Udzu wautali unali kutibisa zaka zonsezi.

"Aa, Clive, mwakwirira ndani pano?" anafunsa a Tunnicliffe. "Akuchimuna ndi akuchikazi omwe?"

"Ndi dothi chabe, a Khansala. Tikasalaza..."

"A Pendlebury," ndinawadula, "lozani ndi kutchula."

Mayi Garside anakweza ambulera yawo, naloza kamulu kamodzi. "Chulu." Anasuntha pang'ono. "Chulu." Anasunthanso. "Chulu."

"Amayi, tamva," anatero wapampando, Mayi Akhtar, akubisa kuseka.

"Ndikungotsata lamulo, a Wapampando. Chulu."

A Tunnicliffe anagwada movutikira, nakanda dothi ndi chala. Nyerere zachikasu zinabalalika. "Anzanga," anatero kwa makhansala, "ine ndalima moyo wanga wonse. Pulawo ikadutsa kamodzi kokha, izi zimatha. Kuti chulu chikule chonchi pamafunika zaka zoposa zanga. Tirigu wa agogo a Clive ankamera m'mlengalenga kapena? Wina andidzutseko, maondo akana."

Komiti inatumiza katswiri wa zachilengedwe, amene anatsimikiza zonse. Pa msonkhano wa mwezi wotsatira holo inadzaza, ena ataima m'makoma. Makhansala asanu ndi anayi anakana pempholo, awiri okha analivomera. Wapampando anawerenga chigamulo: busalo ndi lakalekale monga mapu ananenera, ndipo nyumba, zimene mudzi ukuzisowadi, zikapemphedwe pa malo a kale a mabasi, amene ali gwaa ndi simenti. Anthu anaomba m'manja mpaka mawindo kunjenjemera. Sindivomereza phokoso m'nyumba ya khonsolo, koma tsiku limenelo ndinachedwa dala kuwaletsa.

Mayi Garside sanaombe nawo. Anamanga mabatani a chikhoti chawo, nawadikira a Pendlebury pakhomo.

"Mwapambana, aphunzitsi," anatero a Pendlebury, maso ali pansi.

"Imirira bwino poyankhula nane, Clive. Udzu uja unatchetcha wagona pa maluwa anga, ndipo ukuola. Loweruka ubwere ndi reki, udzaukokole."

"Busa lonse lija?"

"Lonse. Tiyi ndibweretsa ndine."

Anabweradi, ndipo anthu a m'mudzi makumi atatu anabwera kudzawathandiza. Pofika Juni busa lonse linali lachikasu ndi lofiirira, agulugufe ali mbwee.