Mphira Pamimba pa Alufeyo

Enifa anapeza mwamuna wake Alufeyo ali chagada pafumbi, chingwe cha makina owotcherera chikadali paphewa. Aka kanali kachiwiri mwezi womwewo, ndipo mkwiyo unamufikira Enifa mantha asanamugwire.

Alufeyo ankawotcherera njinga ndi ngolo pa Chonde. Mu 1992 esiteti ya tiyi imene ankagwirako kale inamutumiza ku Joni, komwe anamuika kachipangizo kumunsi kwa nthiti kodzidzimutsa mtima ndi magetsi ukayamba kugunda mosokonekera. Madokotala anamuletsa makina a magetsi mpaka atamuyezanso. Koma bamboyu mutu wake unali wouma kuposa zitsulo zakezo.

Kuchipatala, namwino Marjory atamuvula malaya, anapeza chubu cha tayala la galimoto chitakulungidwa pamimba.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Anandiuza a Bonface, anzanga a ntchito," anatero Alufeyo chapansipansi. "Akuti magetsi sadutsa pamphira."

Enifa anaimirira. "A Bonfacewo udokotala anauphunzira kuti? Chipangizocho chili mwa iwo kapena mwa inu? Pamaliro panu adzabwera ndi chubu china?"

"Mphira imateteza dzanja, koma apa siigwira ntchito," anatero namwino. "Chingwe chikamayenda magetsi chimatulutsa mphamvu yosaoneka imene imadutsa mphira ndi khungu lomwe. Kachipangizo kamayesa kuti mtima wasokonekera, n'kuumenya uli bwinobwino. Inu chingwecho mwachikoleka paphewa, chikulendewera pomwe pali kachipangizo."

"Tonse timakoleka choncho, mayi. Nanga ana adya chiyani?" anatero Alufeyo.

"Wotchererani ndi gasi. Dokotala akadzakulolani za magetsi, zingwe muzizipota pamodzi, zikhale pansi kutali ndi thupi. Mphamvu muchepetse, musagwire ntchito nokha kapena ponyowa, ndipo mukamva chizungulire muzimitse."

Atabwerera ku Chonde, Enifa sanalowe m'nyumba. Anang'amba chubu chija, n'kumanga nacho zingwe zonse mfundo zolimba, Alufeyo akungoyang'ana.

"Ndinakudikirani miyezi itatu muli ku Joni, osadziwa ngati mubwera woyenda kapena m'bokosi," anatero Enifa. "Mukafuna kumasula izi dokotala asanalole, muyambe mwaitana ana anu, muwatsanzike."

 Alufeyo anafunsa komwe anasiya machesi oyatsira gasi.

Phunziro: Ngati muli ndi chipangizo cha mtima, musawotcherere ndi magetsi dokotala asanakuloleni. Mnzanu wa ntchito amadziwa chitsulo, osati mtima wanu.