Timbale ta Malemu

Tsiku limene makina ogunditsa tizidutswa ta atomu anazimitsidwa, achinyamata a m'labotale anaomba m'manja. Madala sanaombe nawo. Dzina limeneli anawapatsa ndi ophunzira awo imvi zisanayambe n'komwe, ndipo linawakanirira.

Makinawo ali m'ngalande yozungulira, pansi penipeni pa nthaka. M'menemo tizidutswa timathamangitsidwa mpaka tigundane, ndipo akatswiri amafufuza m'zoswekazo ngati mwatuluka kanthu kamene munthu sanakaonepo. Madala anakalambira pa ntchito imeneyi, koma chatsopano sichinatuluke. Nthawi zina manambala ankachita ngati akulonjeza, mitima n'kukwera m'mwamba, kenako zonse n'kubwerera mwakale.

Timbale tozindikira tizidutswato anapanga ndi akazi awo. Mayiwo anali katswiri woyala kaboni pa galasi, mopyapyala moti ngakhale maikulosikopu wamba sangamuone. Ankafika kunyumba maso ali psuu, n'kumaseka amuna awo kuti, "Inu mukusaka chinthu choti mwina kulibe, ine ndikupanga chinthu chosaoneka. Anansi akatifunsa tizingoti ndife malova." Khansa inawatenga makina atangoyamba kumene. Timbale tinatsala pansipo, tikugwirabe ntchito chaka ndi chaka.

Tsopano timbaleto tinali titatopa, ndipo makinawo anawazimitsa kuti aikemo tatsopano. Mwana wamkazi wa Madala atamva zimenezi anaimba foni.

"Ababa, mukabwere nako kambale kamodzi. Mdzukulu wanuyu agogo ake aakazi sanawaone. Agwireko chimene anapanga ndi manja awo."

"Palibe vuto, mwanangu," anatero Madala, osaganiza n'komwe.

M'mawa wa tsiku lochotsalo anatsika pa chikepe limodzi ndi mkulu wa gulu lawo, mayi amene iwo omwewo anamuphunzitsa ali mtsikana. Pansi panali pozizira, fungo la chitsulo ndi fumbi lili guu. Amisiri anali atatsegula kale mimba ya makina, nthambo zili lendelende, ndipo ankasolola timbale ndi zopanira zazitali. Alendo awiriwo anawaimitsa kuseri kwa chingwe.

Kalelo timbaleto tinalowa m'menemo tili mbee, tokula ngati chikhatho. Tinatuluka titada ngati galasi la nyali. Kena kanali kobenthuka pakona, ndipo Madala anakazindikira nthawi yomweyo. Malemuwo anakabenthula okha pokanyamula, n'kukadzitsekera m'bafa kulira, mpaka anzawo anakayeza n'kupeza kuti kakugwirabe bwinobwino.

"Mwanawe," Madala ananong'oneza mkulu wa gulu, "kobenthukako, sindingapite nako kunyumba?"

Mayiyo anangokodola bambo woyang'anira za cheza choopsa chochokera m'makinawo. Bamboyo anayandikitsa choyezera chake pa kambaleko, ndipo chinayamba kulira mosalekeza.

"Pepani, akuluakulu. Timeneti tamwa cheza kwa zaka zambiri. Ngakhale kukhudza sindingakuloleni."

"N'ka mdzukulu wanga. Ndikaika m'bokosi, pamwamba, sadzakagwira."

"Ndiye ngati kuli mwana, ayi ndithu."

"Nanga chezacho chikadzatha?"

Bamboyo anakanda m'mutu. "Chidzatha, koma mwina ife tonse kulibe."

Madala anaimirira pomwepo, manja atagwira chingwe, akuona timbale tikuikidwa m'mgolo wachitsulo kamodzikamodzi. Kobenthukako kanalowa pakati pa tinzake mosasiyana. Mmisiri wina anali akusimbira mnzake za mpira wa dzulo lake uku akumanga chivundikiro. Kenako anaukankha mgolowo pa ngolo kupita nawo kuchipinda cha makoma okhuthala, kumene Madala analibe chilolezo cholowa.

M'chikepe mkulu wa gulu anayesa kuwatonthoza. "Aphunzitsi, tatsopanoti tapanga potsata njira ya amayi yomwe ija. Tangoiwongola pang'ono. Tiziona zimene takaleti sitinkaona."

"Zikomo. Makina adzayakanso liti?"

"Papita zaka zingapo."

Onse awiri ankadziwa kuti pofika nthawi imeneyo Madala adzakhala atapuma pa ntchito.

Madzulo anapeza mwana wawo atafika kale, atachotsa mabuku pa shelefu ya pabalaza kuti papezeke malo. Mdzukulu anali akusewera panja. Madala anakhala pa mpando osavula nsapato, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira.

Mwana wawoyo anati, "Chabwino. Ndionetseni chithunzi basi."

Madala anapisa m'thumba. Foni inali momwemo tsiku lonse. Pansi paja anangoti maso tong'o, osakumbuka n'komwe zojambula.

"Ababa, ngakhale chimodzi?"

"Mutu sunagwire, mwanangu."

Mwanayo anapita kukhitchini n'kutsegula mpopi. Madziwo anatuluka nthawi yaitali, koma phokoso la mbale silinamveke.

Mawa lake Madala anafunsa ngati mgolo ungatsegulidwe pang'ono pokha. Anawauza mwaulemu kuti wamatidwa kale. Anagwirabe ntchito mpaka kutha kwa chaka, akubwereza manambala akale, ndipo lipoti lomaliza linanena kuti sanapeze chachilendo chilichonse. Dzina lawo linali pakati pa mayina ambirimbiri. Atapuma, khadi lolowera anakalisiya okha kwa mlonda wa pageti, n'kuyenda wapansi mpaka pokwerera basi.